Chingwe cha ku Chala cha Apongozi Anga

Nyimbo zathu zinalibe mathero. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ana a masiku ano amayesa kuti nyimbo imabadwa ili kale ndi mutu ndi mchira ngati mbuzi. Iyayi. Kwathu, kuseri kwa Ntaja, nyimbo ya pachikwati inkatha pamene ovina atopa, kapena pamene nyama yapsa anthu n'kuthamangira ku mbale. Wina ankaleka, mnzake n'kuleka, ng'oma n'kutsala yokha ikulira mpaka mwini wake atazindikira kuti anzake akusamba kale m'manja. Palibe ankaonapo cholakwika.

M'gulu lathu tinalimo anthu asanu. Ine ndinali wopeka nyimbo ndiponso wotsogolera. Achimwene anga aakulu ankaimba banjo imene anakhoma okha ndi chitini cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Mng'ono wanga anali wa maseche. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankavomera nyimbo. Ndipo wa ng'oma anali mwamuna wake, mkamwini wanga, mwana wa msodzi wa ku Chiuta. Manja a munthu ameneyo! Akagunda ng'oma, ngakhale nkhalamba ya ndodo inkaiwala kumene yasiya ndodoyo.

Koma mkamwini ndi mkamwini. Ine ndi iye tinali apongozi, ndipo masiku amenewo chipongozi sichinali cha masewera. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkapatsana chinthu pamanja, sitinkalankhulana tokha. Tikakumana m'njira, wina ankapatukira kutchire. Ndiye poimba iye ankakhala kumbuyo, atandifulatira, nkhope kumpanda. Ndikafuna kuti ng'oma ithamange kapena ileke, ndinkaponyera diso mwana wanga, iye n'kupita kukamugwira mwamuna wake paphewa. Tinayenda choncho zaka zitatu.

Kusukulu sindinapondeko, koma ntchito yanga ndinkaidziwa. Wofuna gulu lathu ankabwera ndi nkhuku ya chikole, ndipo ndikailandira nkhuku imeneyo, tsikulo linali lake, ngakhale wina abwere ndi mbuzi. Tinkafika dzuwa lisanafike pamutu. Akazi tinkavala nsalu zofanana, amuna malaya ochapa. Palibe ankadya tisanaimbe nyimbo zitatu. Achimwene ankadandaula kuti, "Iwe, ukutiyendetsa ngati asilikali. Kodi nyimbo ndi nkhondo?" Ine n'kumati, "Achimwene, anthu akakuitanani kawiri, si chifukwa cha banjo yokha."

Chimene chinkandiwawa n'chakuti dzina lathu linkathera pamene mapazi athu ankathera. Midzi isanu, isanu ndi umodzi, basi. Zikwati zikatha m'midzi imeneyo, tinkangokhala. Kutsidya kwa Shire kunali anthu a thonje, ochita zikwati za masiku awiri, koma sankatidziwa.

Tsiku lina uthenga unachokera ku boma, nthawi imeneyo tinkati ku Kasupe. Akuti anthu a wailesi akubwera ku Balaka kudzajambula magulu a kumudzi, tsiku limodzi lokha. Ndinadumpha! Ndinasiya mpunga pamphasa nkhuku zikudya, n'kuthamangira kwa achimwene.

"Achimwene, konzani mawaya! Tikupita mu wailesi!"

"Tikwanamo tonse?" iwo anatero, akuseka.

Vuto linali limodzi. Mwana wanga anali atangobereka kumene, ali m'chikuta. Sakanatha kuyenda. Tinati palibe kanthu, mng'ono wanga avomera yekha nyimbo. Za phewa lija palibe ndi mmodzi yemwe amene anaziganizira.

Tinakwera lole ya mpunga mpaka ku Liwonde, ng'oma itakulungidwa m'chiguduli n'kumangidwa ndi chingwe cha khonje. Ine kutsogolo kwa matumba, apongozi anga kumbuyo kwenikweni, kofumbi. Tinaoloka Shire, n'kukwera basi ya ku Balaka. Njira yonse mtima wanga unkangovina. Pakhomo pa holo panaima achinyamata a chipani, wolowa aliyense kuwaonetsa khadi la chipani. Ine ndinali nditawamanga onse anayi pamfundo ya nsalu yanga, chifukwa achimwene ndinkawadziwa, akanaliiwala lawo padenga.

M'katimo munali magulu ambiri. Munali kwaya ya Akatolika ya ku Nsamala, onse atavala zoyera, ndi aphunzitsi awo kutsogolo. Munali anyamata a magitala ogula kusitolo amene anayang'ana banjo ya achimwene n'kufunsa ngati mafuta akadalimo. Patsogolo panali tebulo, pamenepo makina a mawilo awiri ozungulira, ndi bambo wamfupi wa tayi, wotchi padzanja, zinthu zakuda zophimba makutu zili m'khosi. Ameneyo ndiye anali mwini ntchito.

Anayamba wandiuza kuti ndinene mawu a nyimbo yanga popanda kuimba, kuti amve ngati mulibe zokhumudwitsa boma. Masiku amenewo zinali choncho. Ndinawanena. Inali nyimbo ya mkamwini amene anabwera kudzafunsira mbeta pa njinga yobwereka, mwini njinga n'kumulondola mpaka pakhomo pa apongozi. Bambo uja anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Imeneyi munapekera ndani, amayi?"

"Afunseni a ng'omawo," anatero achimwene. "Njingayo inali yanga."

Kenako bambo uja anasintha nkhope. Anati, "Tamverani. Tepi ndili nayo yochepa. Gulu lililonse liyesa kawiri basi. Nyimbo ikhale ya mphindi zitatu. Muyambe limodzi, mumalize limodzi. Ine sindikupatsani chizindikiro, maso anga ali pa makina. Gulu lodziwa ntchito limadziimitsa lokha."

Anatizunguliza pa chitsulo chimodzi choimbirapo, chija amati maiki, pafupipafupi ngati anthu odyera mbale imodzi. Apongozi anga anakhala pampando wawo, n'kutembenuka bwinobwino, nkhope kukhoma.

"A ng'oma, tayang'anani kuno," anatero bambo uja.

Apongozi anga sanatembenuke.

Achimwene anamunong'oneza bamboyo kuti woimbayo ndi mayi a mkazi wake. Iye anapukusa mutu. "Nanenso kwathu apongozi ndimawathawa. Koma makina awa alibe apongozi. Chabwino, khalani choncho, bola ng'oma imveke."

Anakweza dzanja, n'kulitsitsa. Ndinayamba.

Amayi inu! M'holo mawu amamveka mwina. Ankapita kudenga n'kubwerera kwa ine atanenepa. Banjo inalowa, maseche analowa, ng'oma inalowa, ndipo ndinaona a kwaya aja mapewa akuyamba kugwedezeka m'zoyera zawo. Ndinaiwala wotchi, ndinaiwala tayi. Ndinaimba ngati ndili pabwalo la kwathu, ndikubwereza, ndikuonjezera mawu atsopano. Pamene ndinatsegula maso, mawilo aja anali ataima kale, bambo uja atapinda manja pachifuwa. Ndinaleka. Mng'ono wanga analeka. Achimwene analeka. Ng'oma ayi. Apongozi anga anapitiriza okha, akuimbira khoma, thukuta kamukamu, mpaka holo yonse inaphulika ndi phwete.

"Amayi," anatero bambo uja, "mawu muli nawo, nyimbo muli nayo. Koma wailesi si chikwati. Ikatha nyimbo yanu pakubwera nkhani, ndipo nkhani sizidikira ng'oma. Ndinawerenga: pamene munabwereza kachisanu, pamenepo ndiye mphindi zitatu. Kasanu, n'kutseka."

Kasanu. Zala za dzanja limodzi. Zimenezo sizinandivute. Chovuta chinali kumuuza munthu wondifulatira kuti kachisanu kakwana, pakuti iye akalowa mu ng'oma sankawerenga kanthu. Tinagwirizana kuti ndikagwedeza mutu, achimwene amugunde pang'ono ndi phazi.

Tinayambanso. Kamodzi, kawiri, ndikupinda zala. Kachisanu ndinagwedeza mutu. Achimwene anali atatsinzina, akukoma nayo banjo yawo. Ndinagwedezanso, duku kutsala pang'ono kugwa. Mng'ono wanga anawaponda. Iwo anadzidzimuka n'kuponya mwendo wonse, chidendene m'nthiti mwa apongozi anga.

"Mayo ine!"

Bambo uja anabweza mawilo aja m'mbuyo n'kutsegula kuti tonse timve. Ndinamva mkazi akuimba, mawu okoma, okwera bwino, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwini wake. Mng'ono wanga anandigwira mkono. "Achemwali, ndinu amenewo!" Ine! M'bokosi! Ndinafuna kulira, ndinafuna kuvina. Kenako kumapeto kunamveka kuti phu, n'kubwera "Mayo ine!" wamkulu, womveka bwino kuposa nyimbo yonse. Anyamata a magitala aja anagwa pansi ndi kuseka.

"Kawiri kakwana," anatero bambo uja. "Gulu lotsatira."

Ndinali nditamva mawu anga kamodzi, ndipo sindikanalola kuti awafufute. Ndinagwada pafupi ndi tebulo lake.

"Bambo, tachokera kutali. Sindikupempha kuti mudumphe wina. Onse akatha, tepi ikatsala ngakhale pang'ono, mutiyese komaliza. Tikalephera, ndinyamula ng'oma ndekha pamutu mpaka ku Liwonde."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi. "Ikatsala," anatero.

Tinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Ine mbali ino ya tsinde, apongozi anga mbali inayo, achimwene pakati ngati mlatho. Mng'ono wanga ndiye anayamba.

"Achemwali, kuno n'ku Balaka. Akutidziwa ndani? Angotembenuka kwa mphindi zitatuzo, akuyang'aneni, tithane nazo."

Kuseri kwa mtengo kunachokera mawu, olunjika kwa achimwene, amalume a mkazi wawo. "Amjomba, auzeni amayi kuti kuli bwino ndibwerere wapansi mpaka ku Ntaja."

"Wamva?" anatero achimwene kwa ine, ngati sindinali pomwepo.

"Achimwene, auzeni apongozi anga kuti nanenso sindingalole. Mwana wanga ali m'chikuta ndi khanda lawo. Tikafika n'kumveka kuti tinakathyola mwambo kutsidya chifukwa cha wailesi, anthu adzamuloza iyeyo chala, osati ife."

"Amjomba, auzeninso amayi kuti nthiti ikuwawa."

"Imeneyo usawauze amayi, undiuze ine," anatero achimwene. "Pepa. Mwendo unaterereka."

Kwathu manyazi a chipongozi amachotsedwa, inde, koma ndi nkhuku, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo pakhomo. Ku Balaka tinalibe nkhuku, tinalibe ankhoswe akuchimuna, tinalibe pakhomo. Pawindo ndinkaona a kwaya akuimba. Aphunzitsi awo anangofumbata dzanja m'mwamba, anthu onse aja pakamwa tseke, nthawi imodzi. Ndinachita nsanje. Magulu anali kutha limodzilimodzi.

Maso anga anagwera pa chiguduli cha ng'oma, ndi chingwe cha khonje chija chili pambali pake. Ndipo ndinakumbukira zimene mwana wanga ankakonda kuseka za mwamuna wake: kuti kwawo ku Chiuta akamawedza milamba, amamanga chingwe cha mbedza ku chala chachikulu cha kuphazi, n'kugona chagada m'bwato chipewa kumaso. Nsomba ikangokhudza nyambo, amadzuka.

Ndinaimirira. "Achimwene! Afunseni apongozi anga ngati chala chawo chija chikadamvabe nsomba."

Kuseri kwa mtengo kunamveka kuseka kobisa. "Amjomba, auzeni amayi kuti ngakhale matemba chimamva."

Achimwene anamanga nsonga imodzi ku chala cha apongozi anga. Nsonga inayo ndinaikulunga pa dzanja langa lamanzere. Sindinawakhudze, sindinawayang'ane, sindinawalankhule. Mwambo unali pamalo pake, ndipo chingwe chinali pakati. Tinapangana kuti ndikakoka kamodzi, ndiye kuti tikulowa kachisanu. Ndikakoka kawiri, agunde komaliza n'kugwira chikopa ndi manja onse. Achimwene ndinawauza kuti akatsinzinanso, chingwe china ndimanga ku khutu lawo.

Tinayeserera pansi pa mtengo uja. Koyamba ndinakoka mochedwa. Kachiwiri chingwe chinakodwa pa muzu. Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya malichero awo n'kubwera kudzaonerera, akuti aone mayi amene akuweta mkamwini ngati mbuzi. Sindinawasamale. Tinabwereza, kubwereza, mpaka nthawi ina tonse anayi tinaima pamodzi, ndipo ndinamva tsamba la mango likugwa pansi. Mng'ono wanga anaponya maseche m'mwamba. "Yatheka! Achemwali, yatheka!"

"Kawirinso," ndinatero. "Kamodzi ndi mwayi."

Dzuwa litapendeka anatiitana. Holo inali idakali yodzaza, palibe anafuna kupita asanaone mathero a nkhani yathu. Pa wilo limodzi la makina aja panali patatsala tepi yopyapyala ngati chibangili. Bambo uja anaona chingwe chikukwawa pansi kuchokera m'dzanja langa mpaka kuphazi la munthu woyang'ana khoma.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi makutu a apongozi anga," ndinatero.

Anavala zophimba makutu zake, akuluma mlomo. Anatsitsa dzanja.

Ndinati Bisimila chamumtima, n'kuyamba. Ulendo uno sindinatsinzine. Ndinaimba ndi mtima wonse koma mutu uli maso, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza akuvina nayo. Chala choyamba. Chachiwiri. Mkamwini wa m'nyimbo anafika ndi njinga yake yobwereka, belu likulira. Chachitatu, mwini njinga anatulukira pa mango. Chachinayi. Ndinakoka kamodzi, ndipo ndinamva ng'oma ikuyankha, ikukwera, ngati ikuti ndamva, amayi. Tinalowa kachisanu tonse ngati madzi olowa mu ngalande imodzi. Pa liwu lomaliza ndinakoka kawiri, ndi mphamvu zanga zonse.

Du!

Chete amene anatsatirapo sindinamumvepo chibadwire. Mawilo ankazungulirabe. Bambo uja anakweza chala kuti wina asapume. Kenako anadina makina ake, n'kuyang'ana wotchi, n'kuvula zakumakutu zija.

"Amayi," anatero, "iyi ndiye ntchito."

Nthungululu zinayambira kwa amayi a kwaya aja! Aphunzitsi awo anabwera kudzagwira achimwene chanza. Mmodzi wa anyamata a magitala anapempha kuti aigwireko banjo ya chitini.

Koma ine ndinali ndisanamalize. Bambo uja anatulutsa pepala loti ndidindepo chala, losonyeza kuti nyimboyo ndi yathu ndipo talola kuti iziulutsidwa. Ndinabisa chala changa m'nsalu.

"Muyambe mwandiwerengera."

Anawerenga mothamanga.

"Bwerezani pang'onopang'ono, bambo. Ine ndi wa makutu."

Anabwereza. Pa wopeka nyimbo anali atalemba achimwene, poti ndiwo anali mwamuna wamkulu. Ndinati iyayi, njinga inali yawo koma nyimbo ndi yanga. Achimwene anavomera, iye n'kukonza. Ndiye ndinapempha chimene ndinadzera ulendo wonsewo: kuti poulutsa azitchula mudzi wathu, ndi kunena kuti timaimba m'zikwati.

"Za zikwatizo sitinena," anatero. "Kumeneko n'kutsatsa malonda, ndipo kumalipiridwa. Koma mudzi ndi Ntaja ndilemba, azitchula."

"Mudziwo ukwanira. Wofuna adzafunsa njira."

Ndinadinda. Tindalama timene anatipatsa tinathera pa basi ndi lole, n'kutsalako ya sopo wa khanda. Sindinadandaule. Sindinapitire zimenezo.

Kenako kudikira. Sabata, masabata, mwezi unatha. Anthu pamudzi anayamba kutifunsa ngati wailesi yathu ili ndi mabatire. Achimwene ankapita tsiku lililonse kukakhala pakhonde la telala wina pa Ntaja, amene anali ndi wailesi, mpaka telalayo anawapatsa ntchito yosoka mabatani.

Linali tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Ndinali nditayala mpunga wanga pafupi ndi khonde lomwelo, ndikuyeza ndi mbale. Ndinamva banjo. Ndinati, achimwene abwera nayo kumsika banjo, apenga kodi? Ndikutembenuka, achimwene ali chiimire pakhonde, manja ali m'mutu, banjo palibe. Kenako mawu anga anatuluka m'bokosi la telala uja, kulowa mumsika wonse.

Mbale ndinaitaya. Ndinathamanga ndikukuwa, "Ndine! Ndine ameneyo!" Telala anakweza wailesi mpaka kumapeto. Ogulitsa nsomba anasiya nsomba, amayi a tomato anamanga nsalu m'chiuno, fumbi linakwera. Ine ndinkavina ndikupinda zala, kamodzi, kawiri, ndipo pa kachisanu dzanja langa lamanzere linakoka lokha m'malere. Du! Anthu anatsala miyendo ili m'mwamba.

"Aa! Yatha bwanji ngati aidula ndi sizasi?" anatero telala uja.

Ndipo munthu wa mu wailesi anatchula mudzi wathu, bwinobwino, ndi Ntaja pamwamba pake.

Sipanathe masabata awiri, bambo wina anafika pakhomo panga pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze, tambala atamangidwa pa keliyala. Anachokera ku Nsamala, anagona m'njira, akufunsa mudzi wathu msika ndi msika. Mwana wake ankakwatiwa thonje likagulidwa, ndipo ankafuna gulu la mu wailesi lija. Ndinalandira tambalayo ndi manja awiri. Pambuyo pake anabwera ena, ndi enanso, mpaka ndinamanga khola lachiwiri. Shire tinamuoloka kambirimbiri, moti oyendetsa malole ankatisungira malo a ng'oma. Ndipo kulikonse tinkaimba monga tinaphunzirira ku Balaka: nyimbo iyambe, ikome, ithe anthu akuifunabe. Akafuna ina, ankafupa kaye.

Tambala wa ku Nsamala uja sitinamudye tokha. Mwana wanga atalimba, ndinaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, a ku Chiuta n'kubwera. Tinamupha tambalayo, ankhoswe analankhula mawu awo, ndipo anatiuza ine ndi apongozi anga kuti kuyambira tsiku limenelo tikhoza kuyang'anana ndi kulankhulana. Anatikhazika pamphasa imodzi. Ndinakweza maso n'kuiona bwino nkhope ya munthu amene ndinayenda naye zaka zonsezo. Anali ndi kachipsera pachibwano kamene sindinkakadziwa.

Ankhoswe anati, "Lankhulani, apongozi anu ndi awa."

Iye anayang'ana pansi, anakanda m'mutu, anatsokomola. Kenako anatambasula mwendo n'kuloza phazi lake.

"Amayi," anatero, "tsiku lija munakoka kwambiri. Chala ichi chinatupa sabata yathunthu."